Zikomo Chifukwa cha Chipolopolo Chimodzi

Kwa Ashefe Oyang'anira Mfuti ndi Zipolopolo,

Ine Elcídio Tiwale, mlimi wachabechabe wa kufupi ndi Mualadzi, ndalemba kalatayi nditagwada, ndiye mukhululuke ngati zilembo zapendama.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lisensa ya mfuti imene anandisiyira malemu atate. Ndinaipempha chaka chimene mwana wanga Debora anabadwa, ndipo ndinailandira sabata imene analandira Ukaristia woyamba. Maulendo makumi atatu a pa njinga opita ku ofesi yanu andilimbitsa miyendo moti anzanga akuchita nsanje.

Chachiwiri, alembi anu anandifotokozera mokoma mtima kuti lisensa ya mfuti si ya zipolopolo. Pepala la zipolopolo litatuluka, la mfuti linali litatha mphamvu. Nditakonzetsa la mfuti, la zipolopolo linafa. Chaka chino, chimanga chitamasula, mapepala awiriwa anakhala amoyo limodzi kwa masiku asanu ndi anayi, ndipo munandipatsa chipolopolo chimodzi chathunthu. Kwathu tinapha nkhuku.

Chachitatu, munalamula mwanzeru kuti mfuti ndi chipolopolo zisagone nyumba imodzi. Mfuti ili kwanga. Chipolopolo chili m'kabati mwanu, chokulungidwa papepala, karimbo yanu itadindidwa pamwamba.

Tsono Lachiwiri lapitali, dzuwa lili pamutu, njovu inalowa m'munda mwathu mkazi wanga Luisa akuthyola nkhwani. Ndinatsata ndondomeko yanu ya kudziteteza osadumpha mzere: chenjezani katatu, dziwani cholinga cha mdaniyo, womberani pokhapokha moyo uli pangozi. Ndinaichenjeza m'Chinyanja kawiri, kachitatu m'Chipwitikizi. Cholinga sinanene, pakamwa panali chimanga. Luisa atayamba kukuwa, ndinaona kuti ndime yachitatu yakwana, ndinakwera njinga kudzatenga chipolopolo.

Alembi anu anandilandira bwino kwambiri. Anati, "Umboni uli kuti wakuti njovuyo ili ndi maganizo oipa? Bweretsani mafoto ake awiri, makutu onse aoneke, isamwetulire."

Ndinafika kumudzi m'mawa mwake. Munda unali woyera ngati bwalo la mpira. Luisa anapulumukira mumtengo wa msuku, iye amene mawondo amamuvuta ngakhale pogwada m'tchalitchi, ndipo mpaka lero sakundiyankhula. Akatekisita athu a Barnaba, amene anathamangira kukamuthandiza akumenya chitini ndi mwala, njovuyo inawanyamula ndi chitamba n'kuwaponya pachulu. Ali kuchipatala, mwendo uli m'chikhakha, akufunsa ngati chitini nachonso chimafuna lisensa. Ana anga asanu chaka chino adya mapesi. Koma chipolopolo chili bwinobwino, chosakalika paliponse, ndipo pa ichi mudzi wonse ukukuthokozani.

Pempho langa ndi laling'ono, Ashefe. Ife malamulo anu tawamva ndipo tawaloweza. Amene sanawamve ndi njovuyo basi, ndipo dzulo inayamba munda wa mayi Rosa, amasiye oyandikana nafe. Ine mbuli ndingalakwitse katchulidwe. Chonde mubwere mudzaiwerengere nokha, ndime ndi ndime, ndi mawu anu aulemu aja. Ndidzakunyamulani kumbuyo kwa njinga, ndipo ndidzakuimikani pamene anaima a Barnaba. Pamenepo mawu amamveka bwino, ndipo njovuyo imakonda kumvetsera chapafupi.

Ndine kapolo wanu wogonjera, amene ndikadagwadabe,

Elcídio Tiwale,
mwini mfuti.