A Musathirire ndi maluwa awo osamwa madzi

Mumsewu mwathu munali munthu mmodzi yekha amene mvula ikayamba ankatuluka ndi ambulera kukafunditsa maluwa, mwiniwake n'kumavumbwa mpaka madzi kutsika ndi msana. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi ochepa. Tonse tinkangoti a Musathirire, chifukwa amenewo ndiwo anali moni wawo, ndiponso mawu awo otsazikira. Chodabwitsa n'chakuti moyo wawo wonse anagwira ntchito yokonza mipope ya madzi. Atangopuma pantchito, madzi anasanduka mdani.

Maluwawo sanali maluwa amene inu mukuwadziwa. Tinali tizomera tafupitafupi, ta masamba onenepa otuwa, osanjikizana mozungulira ngati kabichi wokana kukula. Tinadzaza khonde lonse: m'zitini za penti, m'ketulo yopanda chogwirira, ngakhale mujombo yakumanzere. Pakati pa tonseti panali chachikulu, chotambalala ngati mbale ya alendo, mumphika wadothi. Chimenechi ankachitcha Mayi. Malemu akazi awo ndiwo anabwera nacho chili katsamba kamodzi m'kansalu, ndipo zina zonsezo zinali ana ndi zidzukulu zake.

Mayi ameneyu ndiye amene a Musathirire anadzasiyira a Telala, oyandikana nawo khomo, mkulu wokhala yekha amene ankasoka pakhonde lomwelo ndipo chibadwire anali asanasungeko ngakhale udzu. Koma tiyambe ndi za mwiniwake.

Mayi wina wogulitsa tomato atangosamukira mumzere mwathu anaima pakhondepo, manja m'chiuno.

"Agogo, ndiwo zanuzi mumaphika bwanji?"

"Siziphikidwa."

"Ndi mankhwala?"

"Ayi."

"Nanga zimabereka?"

"Ayi."

"Ndiye mumazisungiranji?"

A Musathirire anayang'ana cha kukhomo kwa mayiwo, kumene bambo akunyumba anali chigonere pampando dzuwa lili paliwombo.

"Nanga awo mumawasungiranji? Amaphikidwa?"

Mayiwo sanasunge chakukhosi. Tsiku lina a Musathirire atapita kumsika, mayiwo anaona dothi lauma gwa, chisoni chinawagwira, n'kuthira beseni lonse la madzi m'zitini zija. A Musathirire pobwera anangopisa chala m'dothi, n'kuyang'ana makomo onse limodzilimodzi ngati wapolisi. Sanakalipe. Anazula maluwa onse, kuwagoneka pamanyuzipepala ngati odwala m'chipatala, n'kukhala pansi kumawakupiza ndi chikatoni mpaka dzuwa kulowa. M'mawa mwake anakabwereka beseni lija. Linabwerera lili ndi mabowo pansi ponse.

"Agogo! Beseni langa mwalitani?"

"Ndalikonza."

"Linali lakufa?"

"Linkasunga madzi."

Kuchokera pamenepo, amayi akawaona akubwera ankabisa mapoto kuseri kwa chitseko. Msomali sunkachoka m'thumba mwawo, ndipo chiwiya chilichonse ankachiyang'ana kunsi asanapereke moni kwa mwiniwake.

Kupatsa ndiye anali nako, koma kupatsa kwa mtundu umodzi. Mwana akabadwa, tsamba. Wina akakhoza mayeso, tsamba. Ometa tsitsi anapeza masamba pazenera, pagalasi, ngakhale m'kabokosi ka malezala. Malangizo anali omwewomwewo: "Osakwirira, osathirira. Ingoligonekani pamchenga, muliiwale." Koma anthu athu ndi achifundo. Ankalikwirira bwinobwino, kulithirira m'mawa ndi madzulo, tsamba n'kuwola. A Musathirire akamva za imfayo ankadutsa pakhomo pa wolakwayo nkhope ili kumbali, mpaka mwezi kutha.

A Telala okha ndiwo sanakanganepo nawo, mwina chifukwa sankakhudza kanthu. Awiriwo ankakhala tsiku lonse pakhonde limodzi, wina akupalasa makina, wina akutokosa ndi singano yobwereka tizilombo toyera ngati thonje tobisala pakati pa masamba. M'mawa a Telala ankatulutsa makapu awiri achitsulo. Mawu awo a tsiku lonse sakanadzaza kapu imodzi.

"Achimwene," anatero a Telala tsiku lina, "chomera chanji chosamwa madzi?"

"Chimamwa. Koma chimapempha chokha."

"Chili ndi pakamwa?"

"Masamba am'munsi akakwinyika ngati nkhope yanuyo, ndiye kuti chapempha. Pamenepo mumathira m'mbali, osati pamtima."

"Ndiye ine ndinapempha kalekale, palibe wandithirira."

A Musathirire anaseka mpaka kutsokomola. Aka kanali kokha kamene msewu wathu unamva kuseka kwawo.

Chifuwa chimene chinawatenga anachitola pa ntchito yawo yomweyo ya ambulera. A Telala atapita kukawaona kuchipatala anawapeza ali ndi botolo la madzi pamwamba, kachingwe kakutsikira kumkono.

"Mwaona, achimwene?" anatero odwalawo, akuloza ndi maso. "Akundithirira. Apa sindituluka."

"Musalankhule choncho."

"Mayi ndakusiyirani inu. Musa..."

"Ndikudziwa," anatero a Telala.

Maliro atatha, mwana wawo wochokera kutali anasesa m'nyumba tsiku limodzi. Zitini anagawira aliyense wofuna, zotsala zinapita kudzala. M'nyumbamo munalowa mnyamata wochoka mbandakucha, wobwera anthu atagona. A Telala anakokera mphika wa Mayi pafupi ndi makina awo. China chimene chinatsala chinali jekete ya malemuwo, imene anaisiya kuti aisoke m'khwapa, ili pamsomali kuseri kwa makina.

Khonde linakula. M'mawa dzanja linkatulutsabe makapu awiri mwa chizolowezi. A Telala ankamwa yawo, inayo n'kumangoiyang'ana. Ndiye munthu ungachichitire chiyani chinthu chimene mnzako wakusiyira? Sichifuna kupalira, sichifuna kudyetsa, sichiyankha moni. Manja awo ankayabwa. Tsiku lina anatunga madzi m'kapu yachiwiriyo.

"Pang'ono pokha, Mayi," anatero. "Mwiniwake sakuona."

Mawa lake anathiranso, chifukwa kunali kozizira ndipo panalibe wolankhula naye. Mkuja anathira chifukwa anali atathira dzulo. Ukakhala wekha, kuthirira kumafanana ndi kucheza.

Masamba sanakwinyike. Anatupa, kusanduka achikasu, kuonekera ngati odzaza mafuta. Limodzi linagwa lokha. A Telala anati mwina ndi ludzu, anawonjezera. Kenako m'mawa wina atagwira kuti atembenuzire mphikawo kudzuwa, Mayi yense anatsalira m'manja mwawo, tsinde lakuda bii, lofewa, lonunkha ngati madzi a m'ngalande.

Tsiku limenelo makina sanalire. Madzulo a Telala anavala nsapato n'kuyenda khomo ndi khomo, iwo amene sankapempha ngakhale moto.

"Kodi kachitini kaja mudakali nako?"

"Iii, agogo, kanafa," anatero mayi wa tomato. "Chonsecho ndinkakasamala, madzi osasowa."

Ometa tsitsi anangoloza chitini chimene tsopano ankatayiramo malezala akutha. Msewu wonse yankho linali limodzi. Mtundu wonse wa Mayi, umene mdala uja anauteteza ku mvula zaka zonsezo, unali utaphedwa ndi chifundo.

Panapita masabata. A Telala anaganiza zoti asoke jekete ija, aitumize kwa mwana wa malemuwo, pakhonde pasatsale chowakumbutsa. Mwa chizolowezi cha ntchito, anayamba apisa m'matumba. M'thumba lakumanja munali msomali uja. M'thumba lakumanzere munali timasamba touma ngati makoko a mtedza. Anali pafupi kutitaya pamene anaona kuti kamodzi kali ndi ndevu: timizu tofiirira, topyapyala kuposa ulusi wawo, ndipo patsinde pake kamwana kozungulira, kochepa ngati batani la shati. Kanamera kokha mumdima, popanda dothi, popanda dontho la madzi, chifukwa panalibe amene ankadziwa kuti kalipo.

A Telala anakhala nako m'manja nthawi yaitali. Kenako anatenga kapu yachiwiri ija, kuizondotsa pansi, kuimikapo msomali uja, n'kumenya ndi mwala katatu. Anatapa mchenga wouma m'mbali mwa msewu, kuuika m'kapumo, n'kugonekapo katsambako osakwirira.

Mayi wa tomato anatulukira ndi jagi m'manja.

"Kafota aka, agogo. Ndikathire pang'ono?"

"Musathirire!"

Mawuwo anatuluka mwamphamvu moti mayiwo anabwerera chafutambuyo, madzi n'kuwatayikira pamapazi. Onse awiri anayang'ana pamalo pamene mdala uja ankakhala. Panalibe kanthu koma mabala ozungulira a dzimbiri pasimenti, osiyidwa ndi zitini.

Masiku ano mumsewu mwathu mapoto amagona panja mopanda mantha, ndipo mabeseni onse amasunga madzi. Ana akabadwa amalandira zovala ndi sopo ngati ana a kwina kulikonse. Mvula ikayamba, ena a ife timasuzumirabe pazenera kuyang'ana khonde lija, ngakhale tikudziwa.

A Telala amamwa tiyi m'kapu imodzi. Inayo ili pambali pa makina, pamene dzuwa la m'mawa limafika. Akatopa kusoka amavula magalasi, n'kuwerama kuyang'ana kamwanako, kamene tsopano kafika ngati batani la jekete. Dzanja likayamba kuyabwa amalikhalira. Akudikira kuti kapemphe kokha.