Injini Yogula Mosafunsa

Lolemba
Injini yafika! Ndagula kwa wamalonda wa ku Mozambiki, osataya nthawi ndi mafunso. Loweruka ndikunyamula mdzukulu wanga Dorika ndi aperekezi ake pa boti langa, kuchoka ku Mbungo mpaka ku Chipyela kukadalitsa ukwati. Ndalonjeza pagulu.

Akanaona Kaputeni uja! Kale, ndili msilikali wosunga katundu, iye anatha chaka chathunthu asanagule maboti a asilikali, akungofunsa: adzanyamula chiyani, adzakonza ndani, zipangizo zidzachokera kuti. Nditanena kuti amenewo ndi mantha, ananditumiza kukhitchini. Zaka zisanu ndikusenda mbatata. Sindinaiwale.

Lachiwiri
Injini ndi yolemera. Boti laima ngati mbuzi yofikira masamba, mphuno kumwamba. Ndaika miyala kutsogolo. Miyala kuno ndi yaulere, Mulungu alemekezeke.

Lachitatu
Miyala yakweza kumbuyo, pulopela yatuluka m'madzi. Ikungopukusa mphepo. Kalipentala wa ku Khuyu akuti, "Achimwene, munayeza thabwa lakumbuyoli musanagule?" Funso la Kaputeni lenileni. Ndamuthamangitsa, kenaka ndamuitananso. Wadula thabwa kuti injini itsike.

Lachinayi
Podula paja madzi akulowerapo. Zofunika: phula, chitini chokapira, munthu wokapa. Mayi akunyumba akuti, "Ine ndinakwatiwa ndi inu, osati ndi chitini."

Lachisanu
Pulagi ya injini yapsa. Ku Chipyela konse kulibe ya mtundu umenewu, akuti mwina ku Nkhata Bay, ibwere pa sitima sabata yamawa. Wamalonda uja anawoloka kale. Dorika sindinamuuze. Akudziwa.

Loweruka
Akwati apita wapansi, akuimba. Ine pambuyo, nditanyamula nsapato za mkwatibwi. Tili m'tchalitchi mwera wauka. Pobwerera tapeza boti lamira pomwe ndinalimangirira: miyala, injini, zonse. Ndawerenga m'mutu amene akanakhalamo. Dorika wandigwira dzanja: "Agogo, mwatithandiza posatinyamula."

Lamulungu
Ndathokoza chifukwa cha pulagi yakupsa. Ndathokoza kuti Dorika ali kwa mwamuna wake, wouma. Maboti a Kaputeni aja, nthawi yonse ndili pantchito, sanamizepo munthu, ndipo zipangizo zake zinali m'nyumba ya katundu boti lisanafike. Kaputeniyo ndamutchula m'pemphero, mwachidule. Za mbatata zija tidzakambirana kumwamba.

Injini ili pansi pa madzi. Miyala ikuisunga bwino.