Nkhondo ya Ulusi Wobiriwira

Tsiku limene nkhondoyi inayamba kunacha ndi mvula yowaza, ija yosanyowetsa munthu koma yongomuchotsa ulemu. Imvani tsono, inu a m'badwo uno ndi inu amene mudakali m'mimba, za chaka chimene bungwe lathu la bezibo, masewero omenya kampira ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi, linagula kabati yagalasi, mtendere n'kutulukira pa zenera.

Mbiri ya chigawo chathu cha dziko lapansi pa mpikisano waukulu wa ana ndi yaifupi, koma ndi yathu. Tinapitako kanayi, tinagonja kanayi. Koma pa ulendo wachitatu, adani ali ndi zigoli makumi atatu, mwana wathu wina anatsinzina ndi mantha, mpira unadzigunda wokha pa chibonga chake, iye n'kuliyatsa liwiro ngati waba nkhuku mpaka kumaliza ngodya zonse. Chigoli chimodzi! Oyimbira, pogwidwa chisoni, anatipatsa mpirawo kuti tibwere nawo.

Kuyambira pamenepo unkakhala m'chitini cha mabisiketi, m'manja mwa Msungazida, Mwini Makiyi Asanu ndi Awiri, Mdani wa Chiswe, Woyankha Moni ndi Chibwano. Poti bungwe linalibe mpira wina, ana anaumenya zaka zambiri mpaka unang'ambika mbali imodzi. Mkazi wa Msungazida, wosoka mayunifolomu a sukulu, anaukonza atakhala pa khonde, magalasi ali pa mphuno, ndi ulusi wobiriwira chifukwa wofiira unali utatha. Patangotha miyezi itatu anatisiya. Makina ake osokera anapita kwa achibale, madiresi anagawana. Cha dzanja la mkazi wake chimene chinatsalira bamboyu chinali ulusi umenewo basi.

Ndiye anadzuka Wapampando, Njovu ya Misonkhano, Wodula Maliboni, Wosapereka Maikolofoni kwa Mnzake, mlongo wake wa malemuyo. Ndiye amene anagula kabati, nalamula kuti kumbuyo kwake aikeko kalilole, kuti chikho chathu chimodzi, chimene tinalandira chifukwa cha khalidwe labwino, chizioneka ziwiri. Anaitanitsa msonkhano, nabwera ndi wosoka nsapato wa pa ngodya, singano yaikulu ndi ulusi wofiira zili m'manja.

"Abale anga!" anabangula Wapampando. "Kudzabwera alendo a kutsidya kwa nyanja kudzaona mbiri yathu. Dziko lonse lapansi mpira wa bezibo umasokedwa ndi ulusi wofiira. Kodi ife tidzawaonetsa uwu wooneka ngati wamera ndere? Alamu, perekani mpira, amisiri achotse manyaziwo."

"Ayi," anatero Msungazida.

Mayi Mlembi analemba mawuwo, nadikira ena. Sanabwere.

Nkhondo inatha milungu itatu, ndipo dzuwa linaona zoopsa. Wapampando anatumiza kalata yamasamba asanu, yodinda chidindo pawiri. Msungazida anaipinda bwinobwino n'kuchirikizira mwendo waufupi wa tebulo. Wapampando anaopseza kuti asintha maloko. Kenaka anakumbukira kuti kiyi ya chipinda mokhala maloko atsopano ili ndi mlamu wake. Komiti inagawanika, ena a Ofiira, ena a Obiriwira, ndipo amuna amene anakulira limodzi anayamba kulambalalana pa msewu ngati ali ndi chimfine.

Pa tsiku la nkhondo yomaliza, gulu la Ofiira linafika pa khomo la chipinda cha zida. Linapeza Msungazida atakhala pa mpando pakati pa khomo penipeni, chitini pa miyendo, akupaka mafuta chovala cha m'manja chogwirira mpira. Nkhope yake inali ngati khoma. Ankadziwa kuti singano ija ikangolowa kamodzi, sipadzakhalanso chinthu pa dziko chimene angagwire n'kunena kuti apa anagwira mayi aja.

"Alamu, musandiyese mwana!" anatero Wapampando, chala m'mwamba. "Uja anali mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Koma anali wosoka mayunifolomu, osati mbiri ya chigawo!"

Msungazida anakweza maso. "Makina ake muli nawo. Ulusi ndisiyireni."

Akuluakulu amati bamboyu sanalankhulepo motalika chonchi chikwatirireni. Wosoka nsapato anakanda m'mutu.

"Bwana, ine ndasiya nsapato za anthu padzuwa. Komanso mpirawo ndinauonapo. Amene anasoka paja ankaidziwa ntchito, ine ndingowononga."

"Abambo inu, mwatitopetsa," anatero Mayi Mlembi, akutseka buku. "Mpira uli ndi nkhope ziwiri ngati munthu wofuna mavoti. Ulusi usachotsedwe, koma uziyang'ana kukhoma. Tikadye kwathu."

Wapampando analengeza kuti wapambana. Msungazida anadzuka, anapita pa kabati, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwedeza chibwano kamodzi.

Mwambo wa mtendere sudzaiwalika. Anabwereka mipando makumi asanu, panafika anthu khumi ndi awiri. Riboni anaidula ndi chowengera zikhadabo, poti lumo linasowa. Ngwazi ya chigoli chija, tsopano bambo wadazi woyendetsa basi, anapemphedwa kuonetsa mmene anachitira. Anatsinzina, anathamanga, n'kugwera m'maluwa, anthu n'kuwomba m'manja. Wapampando analankhula maola awiri, kenaka anavundukula nsalu pa kabati.

Mpira unalidi m'malo mwake, nkhope yofiira kutsogolo. Koma maso onse anaupitirira. M'kalilole muja, pambali pa chikho chachiwiri chabodza, ulusi wobiriwira unkaoneka wonse, wowongoka ngati mzere wa ana pa sukulu.

"Taonani kusoka kwakeku!" anatero mayi wina. "Ndani ameneyu?"

Wapampando anakonza tayi, nalengeza kuti anaika kalilole dala, kuti dzanja la mlongo wake lionekere mibadwo yonse. Anthu anawombanso m'manja.

M'mawa mwake Msungazida anabwera ndi kansalu, anapukuta kalilole, anakhoma kabati, n'kupita kukatchetcha udzu pa bwalo.