Parafuzo wa pa nsonga ya chitenje

Chinayamba ndi kaphokoso. Tinkachokera ku tchalitchi tonse anayi pa mota, njinga yathu yamoto, bambo a Tereza akuyendetsa, Tereza pakati, ine kumbuyo, Lito wakhanda kumsana kwanga. Potsetsereka pa mtsinje ndinamva kuti tche, tche, tche, ku gudumu lakutsogolo, ngati wina akugogoda mbale ndi supuni. Makutu angawa ndi oipa, amamva zonse. Mwana akatsokomola kwa aneba ine ndimasiya munsi.

"Imani, bambo a Tereza! Chikulira n'chiyani?"

"Ikumaliza nyimbo imene munaisiya pakati ku tchalitchi ija," anatero, osaima.

Motayo ndi yakale kuposa ine. Inali ya malemu bambo awo, anabwera nayo kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, ndipo amuna anga amaipukuta ndi nsalu imene ine ndikanasokera mwana malaya. Titafika kunyumba ndinagwada n'kusuzumira. Pa gudumupo pali mbale yachitsulo imene mabuleki amagwira, eni ake amati disku, ndipo imamangidwa ndi mabawuti asanu n'mmodzi, kwathu kuno timati maparafuzo. Ndinawerenga. Atatu analipo. Mabowo awiri anali omanga ndi waya, limodzi lili chabe kukamwa yasa. Sukulu ndinalekera kalasi yachisanu, koma pamenepo sindinalakwitse.

"Amenewo sapezekanso," anatero bambo a Tereza. "Mamota a masiku ano ali ndi ena. Ndiponso atatu ndi ambiri, mphika wanu umakhala pa mafuwa angati?"

Ndinaseka (ndimaseka ndikachita mantha, ndi matenda anga), koma mtima sunakhale pansi. Tsiku la sikelo ndinapatuka kwa mekaniko wa ku Nsadzo. Sanadzutse n'komwe mutu. "Mayi, chitsulo sichigulidwa ndi pakamwa. Tengani mmodzi akhale chitsanzo, mupite naye ku Cassacatiza kumalire. Kuli madala wina amasunga zakale."

Chitsanzo. Mawu amenewo ndinawagwira bwinobwino. Zoti ndiuze mwini mota, iye sananene, inenso sindinaganize. Ayi, ndisaname, ndinaganiza. Ndinadziwa kuti akana.

Lachitatu m'mawa anapita kudimba, nati akathirira tomato mpaka madzulo. Ndinatenga kachitsulo kawo kopindika komasulira. Parafuzo woyamba anazungulira kawiri n'kukana, ndinamusiya choncho. Wachiwiri anatuluka mwaulemu. Ndinamumanga pa nsonga ya chitenje, ndinabereka Lito, Tereza ndinamusiya kwa amayi anga. Pomutsanzika ndinamva kuti tsaya lake lafunda pang'ono. Ine amene ndimamva zonse ndinati ndi dzuwa.

Ku Cassacatiza ndinafika masana, fumbi mpaka m'nsidze. Madala uja anali pansi pa kashedi ka malata, pambali pake amuna onyamula anthu pa mota akudikira okwera. Nditamasula mfundo onse anatambasula makosi.

"Amuna anu akuphika, mayi?"

"Muwasiye, awa ndiye mekaniko. Mayi, mundionereko yanga, ikutsokomola m'mawa."

Madalayo sanaseke. Anakhuthula chidebe cha zitsulo zadzimbiri pa thumba, n'kumatola mmodzimmodzi, kumugundanitsa ndi wanga, kuyang'ana padzuwa ngati mizere yake ikulumana. Uyu ayi. Uyu wamfupi. Uyu wa ngolo. Lito analira, ndinamuyamwitsa, anagona, anadzuka. Kenaka anayala anayi pa chikhatho changa, ofanana ndi wanga ngati ana a mimba imodzi. Abale, ndinadzimva kukhala munthu. Ndinayamba kukonza m'mutu m'mene ndikawaponyere pa mphasa pamaso pa bambo a Tereza, osalankhula kanthu.

"Koma mwana wanga," anatero madala, "uyu ali ndi mafuta atsopano. Mwamuchotsa pati?"

"Pa gudumu."

"Atsala angati?"

"Awiri. Koma mmodzi ndinamugwedeza pang'ono."

Amuna aja anasiya kuseka.

"Mwini wake akudziwa?"

Ndinapukusa mutu. Wina anatulutsa foni nati ndinene nambala. Nambala ya amuna anga inali m'foni ya amuna anga, m'mutu mwanga munali maparafuzo okhaokha.

"Nyamukani," anatero madala. "Musatsanzike."

Njira yobwerera sindiikumbukira. Ndimakumbukira potsetsereka pa mtsinje paja, dothi litakumbika mzere wautali, magalasi oswekasweka, ndi patapata mmodzi wobiriwira. Ndinamudziwa, anali wa Tereza. Lamba wake ndinamusoka ndekha.

Zinali chonchi. Thupi la Tereza linatentha kwambiri, anayamba kunjenjemera, amayi anakaitana bambo ake kudimba. Iwo anamukhazika kutsogolo kwawo, kuthamangira kuchipatala. Potsetsereka anagwira buleki, parafuzo wogwedezeka uja anatuluka n'kukola chitsulo cha m'mbali, gudumu linaima pomwepo. Pogwa anamufungatira mwanayo. Iwo anathyoka fupa la paphewa, nkhope mbali imodzi inasupuka. Tereza anathyoka mkono. Anawanyamula pa ngolo.

Ndinawapeza pa bedi limodzi, mwana ali ndi botolo la madzi a malungo, kamkono kali m'chikhakha. Bambo ake anayamba iwo kupepesa. "Munanena, mayi a Tereza. Atatu sanali ambiri."

Pamenepo ndikanatha kukhala chete, ndipo lero ndikanakhala mkazi wanzeru m'mudzi monse. Ndinamasula mfundo, n'kuyala asanu pa bulangete.

Anawayang'ana nthawi yaitali. Anatola wa mafuta uja.

"Uyu ndi wanga."

"Ndi wanu."

"Mukanandiuza."

"Mukanandimvera."

Anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi anafunsa, ali chiyang'anire khoma, "Enawa munawapeza kuti?" Ndinayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, mpaka namwino anandigwira mkono kunditulutsa panja.

Tereza anachira, koma mkono suwongoka wonse. Akamanyamula kandowa amapendeka. Akamva mota patali amathamangira kuseri kwa nkhokwe, ndipo sanandifunsepo chimene chinachitika. Tsiku lina adzafunsa. Ndalemba izi kuti ndizolowere kuzinena.

Phewa litangoyamba kugwira, ndinawapeza bambo a Tereza atagwada pa mota, akumanga maparafuzo anga aja ndi dzanja limodzi, akuimba mluzu. Zitsulo ziwiri zogwira gudumu zinali zitapindika, ngakhale Lito akanaona. Iwo ati aziwongola ndi munsi wanga, Lamulungu tipite tonse ku tchalitchi.

Ndinawapempha. Ndinawagwadira. Anati, "Tsopano alipo okwanira, mukufunanso chiyani?"

Loweruka atapita kudimba ndinatulutsa zitsulo zawo zonse. Manjawa anali ataphunzira. Ndinamasula gudumu lonse, ndinalisenza pamutu, Lito kumsana, Tereza akundigwira chitenje ndi dzanja lake labwino, n'kudutsa pakati pa mudzi. Amayi a pachitsime anaseka mpaka kutaya madzi. Ndinakalilowetsa kunsi kwa bedi la amayi anga. Amuna anga ndi akamwini pamudzi pano. Angakwere phiri, angawoloke mtsinje wodzaza, koma kuchipinda kwa apongozi awo sangapondeko phazi.

Masiku ano amakanjuta pabwalo la amayi, patali ndithu, chipewa m'manja, n'kupereka moni wautali. Amafunsa za miyendo yawo, za mbuzi, za nkhuku, kenaka amayang'ana chitseko. Amayi amangoti, "Zonse zili bwino, bambo. Zonse zagona."

Ku tchalitchi timapita wapansi, maola awiri, ana onse ndikuwaona. Ulendo uno ndinawauza amuna anga chimene ndachotsa. Ndinawauza nditabwerako kwa amayi.