A Jailosi Ochuna Mangolongondo ndi Mkwiyo wa Akazi Awo

Anthu amachuna zoimbira ndi khutu, ena masiku ano ndi foni. Malemu a Jailosi a ku Chinakanaka ankachuna mangolongondo awo ndi mkwiyo wa akazi awo, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezi kupatula a Janeti, eni mkwiyowo.

Mangolongondo mukuwadziwa, matabwa aja oyala pa mathunthu a nthochi. Ukasema thabwa pamimba liwu limatsika, ukasema kumapeto limakwera. Nanga udziwa bwanji kuti lafika? Apa mpomwe panagona nzeru za a Jailosi. Thabwa lalikulu linali liwu la a Janeti akamang'ung'udza m'mawa nkhuni zikanyowa. Lotsatira, akamafunsa amene wamaliza mchere. Kukwera choncho, kukwera choncho, mpaka kathabwa kotsiriza, komwe kanali liwu lawo mbuzi zikalowa m'munda wa zinanazi.

Mayiwo ankangodziwa kuti anakwatiwa ndi mwamuna wosasamala kuposa onse m'boma la Mulanje. Lero khasu lasiyidwa pakhomo penipeni. Mawa chitenje chawo chakutchalitchi chapukutira njinga. Akangoti, "Inu a Jailosi inu," bamboyo m'malo mopepesa ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi, kenako liwiro kuseri kwa nyumba, kasemasema m'manja.

"Amuna anga ndi amantha," ankatero a Janeti kumjigo. "Ndikangoyamba, athawa." Amayi anzawo ankangoyang'ana m'zidebe.

A Morton, oimbitsa kwaya, anawafunsapo a Jailosi chifukwa chimene sankachunira ndi kiyibodi.

"Kiyibodi yanuyo ili ngati nyumba za pa esiteti," anayankha. "Zonse msinkhu umodzi, mipata yofanana. Munaonapo munthu akukwiya mwandondomeko choncho? Mayi aja amayamba pang'onopang'ono, kenako amalumpha. Phazi la wovina limafuna kulumphako."

Ndipo sankanama. Akaimba iwo, ndi odwala nyamakazi omwe ankaiwala ndodo.

Zinthu zinavuta pokonzekera ukwati wa mwana wawo Anne. A Jailosi analonjeza mangolongondo atsopano, ndipo matabwa onse anatheka kupatula kotsiriza kaja. Nanga mbuzi zikadzisunga, munthu atani? Anazimasula okha, nkuzilondolera ku zinanazi. A Janeti anakuwa mpaka agalu a kutsidya anayankha. Koma tsikulo mkwiyo unawanyamula, anawatsatira amuna awo kuseri, nkuwapeza atagwada, akugogoda kathabwa, nkhope ili mwee.

"Latsala pang'ono, amake Anne," anatero osatukula mutu. "Tabwerezani paja munati opanda nzeru."

A Janeti anayang'ana matabwa, anayang'ana mwamuna, zaka zonse za khasu ndi zitenje zinawabwerera. Zinawawawa kwambiri. Iwo ankayesa kuti akulangiza mwamuna wawo, chikhalirenicho ankagwiritsidwa ntchito ngati wezulo. Anatseka pakamwa, ndipo sanatsegulenso.

Eee, mudzi unaona zinthu. A Jailosi anavala bulauzi ya mayiwo nkukakhala nayo pakhonde, a Janeti anangodutsa. Anathira shuga m'chigwada, a Janeti anadya nkutsuka mbale. Bamboyo anayamba kusaka liwulo kwina. Anakoka mbuzi khutu, akuti yapitirira. Anapalasa njinga mpaka ku Chonde kukamvera oitanira minibasi, nkubwerako akupukusa mutu, akuti mkwiyo wawo ngwamalonda. Ukwati ukuyandikira, Anne akulira, akuchimuna akufunsa ngati abwereke zokuzira mawu.

Mapeto ake a Jailosi anagonja, anaitana a Morton. Kiyibodi inalira pansi pa mtengo wa mapeyala, a Janeti akusankha nandolo chapomwepo ngati sakumva. A Jailosi anagogoda kathabwa, anamvera kiyibodi, nkuusa moyo.

"Ili ndi liwu la mkazi wa eni ake," anatero. "Koma nditani? Ndisema."

Asanaseme anakoka mangolongondo akale, nkuyamba kugogoda limodzilimodzi, akulankhula ngati akuuza a Morton. Ili ndi Janeti chaka chomwe tinkatchola tiyi limodzi. Ili ndi Janeti atanyamula Anne kumbuyo, ine nditaiwala ambulera. "Ine liwu langa ndi la chule, aphunzitsi. Chokoma chomwe ndinapeza padziko pano ndi pakamwa pa mayi awa. Ndinkafuna anthu akamavina azivina iwowa."

Lichero linatera pansi. A Janeti anaimirira, namanga chitenje mwamphamvu. Mkazi wa eni ake aimbe pa ukwati wa mwana wawo, iwo ali moyo?

"A Morton, zimitsani chinthu chanucho. Inu, gwirani kasemasema."

Kenako anayamba. Anayambira pansi, pa khasu, nadzera pa chitenje, pa shuga wa m'chigwada, nalumpha kufika pa zinanazi. A Morton anathawa kiyibodi ili kukhwapa. A Jailosi ankasema misozi ili mbwembwembwe, akuseka, akuti, "Pomwepo, pomwepo, musatsike." Ukwati umenewo anthu anavina mpaka mkwati anataya nsapato, ndipo a Janeti anavina patsogolo pa onse, akuloza pachifuwa kathabwa kakalira.

Kuyambira pamenepo sankabisanso. A Jailosi akafuna liwu ankangofunsa kuti, "Lero muli ndi kanthu?" A Janeti sankasowa kanthu.

A Jailosi anatisiya chaka cha mvula yambiri chija, atadwala pang'ono chabe. Chinakanaka anazizira. Maukwati tsopano ndi a zokuzira mawu, nyimbo zake zomwezomwezo kuyambira kuno mpaka ku Likhubula. Khasu la a Janeti limakhala pamalo pake, mbuzi zili pachingwe, ndipo iwo amati nyumba yaudongo chonchi njosowetsa mtendere.

Mangolongondo ali pakhonde. Chinyezi cha kuphiri kuno sichisiya thabwa, mawu ake anayamba kusokonekera. Amuna a Anne anayesapo kuwaputa a Janeti kuti achunenso matabwawo, anataya dala madzi a mumtsuko, koma mayiwo anangoti, "Musadandaule, bambo, nditunga ena."

Tsiku lina chiperoni chikuwaza, a Janeti anatola kamtengo nkugogoda kathabwa kotsiriza. Kanali katatsika, iwonso anamva. Anaimirira, anakoka mpweya kuti akakumbutse liwu lake, naitana dzina la amuna awo. Liwu lomwe linatuluka silinali pa thabwa lililonse. Limenelo a Jailosi sanalimvepo.