Ndinavinitsa Njoka pa Misa

Mpaka lero akwaya akandiona amayang'ana kumbali, koma ine kupepesa kokha ndiye ayi.

Chaka chimene chuma cha Ireland chinagwa chagada, ntchito yanga yonyamula katundu ku Coolock inatha. Ndinangotsala ndi ng'oma ya kwaya yathu ya Amalawi. Ndikaigwira pa Misa m'pamene ndinkadzimva kuti ndikadali munthu.

Masana ndinkathawira kuzizira mu holo ina ku Drumcondra (hita inali yaulere), momwe mkulu wina wa ku India, Bambo Raman, ankaphunzitsa ndakatulo za Chisansikiriti, chiyankhulo chakale cha kwawo. Tsiku lina anayamba kuwomba m'manja: kamodzi mopepuka, kawiri molemera, kanayi pa mzere uliwonse. Anati kayendedwe ka mawu kameneka dzina lake ndi bhujangaprayata. Bhujanga ndi njoka, prayata ndi kuyenda, ndipo akale anakatcha choncho poti mawu ake amatsetsereka mokhotakhota. Manja anga anayamba kuyabwa.

Lamulungu, pa nyimbo yopereka mphatso, ndinaiponya pa ng'oma njoka ya Bambo Raman ija osauza munthu. Amayi anailandira ndi ziuno. Mzere unkapita mopindikapindika, patsogolo pali Mayi Phiri, apampando a kwaya, dengu lili pamutu. Ngakhale wansembe wathu wachizungu, nkhalamba imene inakhalapo ku Mzuzu, ankagwedeza phewa.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma tikumwa tiyi, Mayi Phiri anandiyamikira pagulu n'kufunsa kumene ndinaitola. Ine ndi kasukulu kanga katsopano (pakamwa sipandimvera) ndinaimirira n'kufotokoza zonse, dzina ndi tanthauzo lomwe.

Makapu anaima m'malere.

"Bambo a Chikondi, mukuti mwativinitsa njoka? Pamaso pa guwa, ine ndi basket ya offertory pamutu?"

Ndinayankha kuti njokayo anailenganso ndi Mulungu yemweyo. Apo ndiye ndinaputa mavu. Ng'oma anaiwaza madzi odalitsa, komiti n'kugamula kuti ndipepese pamaso pa mpingo, apo ayi ndiisiye.

Ndinaisiya. Sindinama, zinandiwawa kuposa kuchotsedwa ntchito. Koma ndipepese chiyani poti miyendo yawo inavina yokha?

Pano ndimakhala benchi yakumbuyo. Mzere wa mphatso ukamadutsa, ndimagogoda pathabwa ndi chala. Mayi Phiri amandiponyera diso lofiira, koma phazi lawo limanditsata.