Choko cha ba Kampamba

Ku Chelstone anthu amanenabe kuti malemu ba Kampamba ankatcheza kachasu kuseri kwa nyumba yawo. Kalata ya oyendera zaumoyo ya mu 2016, imene ndinaiwerenga ndekha, ikunena kuti m'migolo yawo itatu munalibe ngakhale dontho la mowa. Munali madzi a laimu ndi matope a m'ngalande.

Atapuma pantchito yoyeza madzi, bambowa anayamba kuopa kutentha kwa dziko kuposa mbala. Anawerenga kuti mabakiteriya ena a m'matope ali ndi enzaimu, kanthu kofulumizitsa mpweya wa kaboni kusungunuka m'madzi, ndi kuti mpweyawo ukakumana ndi laimu umasanduka choko. Kuyambira pamenepo mlendo ankapatsidwa paipi youzirira mpweya mumgolo asanapatsidwe mpando.

"Shani, ba Exildah? Uzilani apa, ndiye mupeleke moni."

Ine ndaphunzitsa sayansi zaka makumi awiri. "Ba Kampamba, laimu wanuyu anatulutsa kale mpweya pomuwotcha. Mukungobweza umene unathawa."

"Imwe ba Ngoni odya mbeba, mungaziwe chani? Uzilani!"

Ndinauzira.

Tsiku lina anapezeka pamsika atagwada kumbuyo kwa minibasi, akulowetsa paipi potulukira utsi. Kondakitala anakuwa: "Ba mudala, kwelani olo chokani!" Anabwerera kunyumba nkhope ili bii, akudandaula kuti theka la utsiwo lawapulumuka.

M'chilala cha 2024 anadwala. Anandiitana, nandionetsa botolo la jamu lodzaza choko.

"Zaka eleveni izi. Mukaniike nalo pansi, mpweya usabwelele kumwamba. Imwe simunikhulupilila, koma simuiwala."

Ndinalonjeza. Atamwalira ndinaika botololo pawindo la m'khitchini mwawo, kuyembekezera bokosi.

Ndinaiwala chimbuya, ubale wa nthabwala wa Abemba ndi ife Angoni. Pamaliro a Mbemba ngati ba Kampamba, ife akum'mawa timapaka anamfedwa ufa kumaso, kuti aseke pakati pa misozi. Koma chaka chimenecho ufa unali wodula, ndipo panalibe wofuna kuutaya. Ba Ezekiel, Mngoni mnzanga, anafufuza m'khitchini napeza choyera china.

Pochokera kutchalitchi ndinapeza Abemba onse ali mbuu, kuyambira patenti mpaka pageti. Ndinalanda ba Ezekiel botolo lija, ndipo popala ndi supuni munatuluka theka la supuni basi. Ndinafika mpaka popukuta mphumi ya mlamu wa malemu ndi mpango wanga.

Bana Chiti, mkazi wamasiye, anandigwira dzanja, nkhope yawo ili yoyera, akuseka ndi kulira pamodzi.

"Lekani, mayo. Zaka zonse izi, lelo ndiye naona nchito ya ma dilamu yaja."

Theka la supunilo ndinalimanga mumpango, ndi kuliika m'thumba la jekete la malemu.

Tinawaika m'manda pa 19 Okutobala 2024. Migolo inatsukidwa, bana Chiti amasungiramo madzi masiku amene mipopi yauma. Mumsewu mwathu kukatentha anthu amangoti ndi nyengo yake. Wotiopseza palibenso, ndipo amene wayamba kuopa ndi ine.